Wailesi ipite kwa mmisiri, kaseti itsale pakhomo

Sabata ino tiyambe tapumira nkhani za zibwenzi zamseri ndi ndalama za fodya zothera kumowa. Ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa kudera la Bolero m'boma la Rumphi. Poyamba nkhani yake ikuoneka ngati ya wailesi chabe, koma mukaimvetsa bwino muona kuti ndi ya banja, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu muli ndi katundu wonga ameneyu kunsi kwa bedi kapena m'sutikesi ya malemu.

Mwachidule nkhani ili motere. Apongozi ake aamuna, atatavyala monga amanenera kumeneko, adamwalira zaka zingapo zapitazo. Adasiya wailesi ya kaseti imene adabwera nayo kuchokera ku Joni, pamodzi ndi kachikwama ka makaseti. Mwa makasetiwo muli imodzi imene mkuluyo adajambulamo mawu ake akulongosola kumene makolo awo adachokera, maina a mizere ya banja ndi malire a minda. Amamavyala adapereka zonsezi kwa mwana wawo wamwamuna kuti asunge. Poona kuti wailesi idasiya kuzungulitsa kaseti, bamboyo adaitengera kwa wokonza wina, kaseti ya mawu ija ili m'kati momwemo, ati kuti mmisiri akayesere. Lero patha miyezi isanu. Akapitako amangouzidwa kuti abwere mawa. Alamu ayamba kufunsa za wailesi ya bambo awo, ndipo manong'onong'o akuti mkaziyu ndiye adauza mwamuna wake kuti aigulitse. Mayiyu akufunsa kuti atani, komanso kuti mmisiri wokhulupirika amadziwika bwanji.

Kwa inu mayi, langizo langa loyamba ndi lachangu. Lero lomwe lino amuna anu akakhale pansi ndi amayi awo, awauze zoona zake za kumene kuli wailesi. Adapereka ndi iwo, ndiye akambe ndi iwo, inu musasenze mlandu wa eni. Mawa Lolemba mupite kwa mmisiriyo muli atatu, inu, amuna anu ndi mlamu mmodzi amene ali ndi mutu wozizira. Mukafika musakayambe ndi kufunsa za wailesi. Kafunseni kaseti. Nenani mwaulemu kuti muli mawu a malemu ndipo akubanja akuifuna lero. Mukaigwira m'manja, pamenepo ndiye mufunse za wailesi, ndipo muitenge ngakhale ili yosakonza. Musakamutchule wakuba pagulu, chifukwa munthu ukamuchititsa manyazi amaumitsa khosi, ndipo chinthu chimene chikadapezeka pansi pa tebulo chimasowa kotheratu. Akakana kapena akayamba kuzungulirazungulira, pitani kwa tcheyamani wa msika. Zikakanika kumeneko kuli mfumu, ndipo apolisi akhale omalizira.

Tsopano ndiyankhule ndi nonsenu, chifukwa cholakwika chachikulu pankhaniyi chidachitika wailesi isanatuluke n'komwe m'nyumba.

Achinyamata ena amene mukuwerenga pano mwina simudagwirepo kaseti. Kanthu kameneka kadatulutsidwa ndi kampani ya Philips ya ku Netherlands mu 1963, ndipo mu 1979 a Sony a ku Japan adabweretsa Walkman, kawailesi kolowa m'thumba komvera m'makutu. Kuno kwathu mawailesi ambiri a kaseti adabwera paphewa la madoda ochokera kumigodi, mpaka pomwe ulendo wa Theba udatsekedwa mu 1988. Ena adagulidwa ndi ndalama za fodya wa ku Hewe ndi m'chigwa cha Henga. Pofika zaka za m'ma 1990, makaseti a Lucius Banda ndi Alleluya Band, ochokera kwa O.G. Issa ku Limbe, ankamveka pagolosale iliyonse ndi m'minibasi.

Nyimbo zimenezo sizindidetsa nkhawa kwenikweni. Lucius adatisiya mu 2024, Wambali Mkandawire, mwana wa ku Mlowe komweko ku Rumphi, adatisiya mu 2021, koma nyimbo zawo timazimvabe pawailesi ndipo zambiri zili pa intaneti. Makaseti amene ndikunena ine ndi aja olembedwa ndi bolopeni pamwamba: kwaya ya pampingo panu, ukwati wa makolo anu, uthenga umene bambo ankatumiza kuchokera ku Joni kapena ku Harare m'malo mwa kalata, agogo akuimba nyimbo za pamtondo. Kaseti yotere ilipo imodzi yokha padziko lonse lapansi. Wailesi ikasowa mukhoza kubwereka ina kwa anzanu. Kasetiyo ikasowa kapena ikatafunidwa, palibe sitolo imene mukaigule. Choncho kaseti ya mawu a abale anu isapite kwa mmisiri, ngakhale mmisiriyo akhale mkulu wa mpingo. Ngati akufuna yoyesera, mpatseni ya nyimbo imene simungailire.

Komatu tisathamangire kunena kuti okonza mawailesi onse ndi akuba, ayi. Vuto lawo lalikulu ndi zipangizo. A Sony eni akewo adalengeza mu 2010 kuti asiya kupanga Walkman ya kaseti kwawo ku Japan. Masitolo athu adzadza ndi mafoni, masola ndi masipika a Bluetooth, koma funsani lamba wa wailesi ya kaseti muone momwe akuyang'anireni wogulitsayo. Nanga mmisiri zipangizo amazipeza kuti? Amachotsa m'wailesi ina. Mulu wa mawailesi afumbi umene mumauona kuseri kwa benchi yake ndiye sitolo yakeyo. Ena adachita kugula, ena eni ake adawataya. Tsono yanu ikakhalitsa pamenepo, miyezi itatu, inayi, inu osaoneka, tsiku lina kumabwera kasitomala wa ndalama m'manja amene akufuna mota yofanana ndi yanuyo. Munthu ndi munthu. Mumtima amati ndingobwereka, ndidzabwezeretsa ndikapeza ina. Nyimbo ija ya "mubwere mawa" imayambira pamenepo. Mukadziwa zimenezi mudziwanso kuti wailesi yanu siyenera kugona kwa mmisiri nthawi yaitali.

Chinanso chimene chimatigwetsa n'chakuti timapita tisakudziwa kanthu, ndiye chilichonse chimene tauzidwa timangoti inde. Matenda a wailesi ya kaseti si ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo si a ndalama zambiri.

Mukadina batani n'kumva mota ikulira m'kati koma kaseti osazungulira, kawirikawiri ndi lamba. Lambayu ndi wa mphira, ndipo akakhala zaka zambiri amatamuka, amaduka, kapena amasungunuka n'kusanduka phula wakuda womatirira pa timagudumu. Mota imakhala ili bwinobwino. Ndiye wina akakuuzani kuti mota yapsa pomwe inu mwaimva ikulira ndi makutu anu, nyamulani wailesi yanu. Mawu akamamveka ngati woimbayo waledzera, kukwera n'kutsika, yambani mwayesa mabatire atsopano. Zikapitirira ndi lamba yemweyo kapena kagudumu ka mphira kamene kamapana tepi, kachingwe kabulawuni ka m'kati mwa kaseti kaja. Tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi iliyonse, osachedwa osafulumira, n'chifukwa chake lamba wodula ku chubu cha njinga kapena kamphira komangira ndalama sathandiza. Amazungulitsa ndithu, koma liwiro lake silikhala lokhazikika ndipo satenga nthawi. Sindikuti mmisiri wochita zimenezi ndi woipa, poti nthawi zina palibenso kuchitira mwina. Woipa ndi amene waika mphira ya chubu n'kukulipiritsani mtengo wa lamba weniweni.

Wailesi yotafuna makaseti ndiye yoopsa kuposa zonse. Apa kagudumu ka mphira kaja kamakhala kada kapena kauma, kapena mbali imene imakulunga tepi yasiya kukoka. Wailesi yotere musaikemo kaseti iliyonse imene mumaikonda mpaka itakonzedwa. Mawu akamamveka otsekeka ngati munthu akuyankhulira m'bulangeti, hedi yada. Imeneyi mukhoza kupukuta nokha ndi kathonje kokulunga ku kamtengo ka machesi, konyowetsa pang'ono ndi sipiriti wa kufamase. Osakanda ndi mpeni kapena singano, ndipo osathira mafuta ophikira kapena a makina osokera paliponse pamene tepi imadutsa.

Ikangoti zii osayaka n'komwe, tsegulani kaye malo a mabatire. Ambiri tidasunga mawailesi mabatire ali momwemo, ndiye adatuluka madzi n'kudya tizitsulo ndi timasipuling'i. Imeneyo ndi ntchito yopala ndi kuwotcherera, si yaikulu. Imene imakhala yaikulu ndi ya wailesi yopsa, ndipo masiku ano zikupsa kwambiri kaamba ka masola. Mwana amatenga mawaya kuchokera ku batire la sola la mavoti 12 n'kulumikiza ku wailesi ya mavoti 6, kapena kusemphanitsa mawaya. Walkman zambiri zimafuna mavoti 3 okha, a timabatire tiwiri. Makolo, werengani nambala yolembedwa pafupi ndi pobaya adaputa, ndipo muwauze anawo. Ngati zoterezi zidachitika, muuzeni mmisiri chilungamo. Kumubisira n'chimodzimodzi kubisira dokotala, mumadziwonjezera nokha masiku ndi ndalama.

Nanga mmisiriyo mumupeza bwanji? Mnyamata wokonza mafoni akhoza kukhala katswiri pa mafoni, koma wailesi ya kaseti ili ndi mbali ziwiri, ya magetsi ndi ya makina oyenda: timagudumu ta mano, timasipuling'i, malamba. Mbali yachiwiriyi imafuna munthu amene adakulira m'menemo. Funafunani amisiri achikulire amene adayamba ntchito mafoni asanabwere. Ambiri adasiya kukhala pamsika, ena ali kumudzi akulima, koma manja akadali nawo. Safunsa adadya phula. Funsani amene amayendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwanu, aphunzitsi opuma, okonza mawotchi, eni magolosale akale pa boma, pa Bolero, pa Mhuju kapena pa Chiweta. Alangizi a m'masukulu a ntchito zamanja monga ku Phwezi ndi ku Livingstonia nawonso akhoza kukulozerani munthu. Ndipo pofunsapo musakhutire ndi yankho loti "amene uja amatha". Funsani kuti, adakukonzeranipo inuyo? Idatenga masiku angati? Ikugwirabe? Anthu atatu osiyana akatchula dzina limodzi, muli panjira yabwino.

Ena amaganiza kuti mmisiri wabwino ali ku Mzuzu basi. Mwina alipodi, koma werengerani ndalama ya minibasi, kupita ndi kubwera, kangapo konse. Kumbukiraninso kuti wokonza wakutali amadziwa kuti simungabwere sabata iliyonse kudzamulondalonda. Wapafupi, amene mumapemphera naye kapena amene ana ake amaphunzira ndi anu, ali ndi dzina loti aliteteze. Ku Mzuzu pitani ngati kwanuko zakanika, ndipo mupite m'mawa kuti ngati ndi lamba chabe mukabwerere nayo tsiku lomwelo.

Mukafika pamalo pake, tsegulani maso. Setifiketi yopachika pakhoma ndi yabwino, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndimayang'ana zina. Kodi wakhala pamalo amenewa zaka zingati? Ali ndi kope lolembamo katundu wa anthu? Ali ndi mita yoyezera magetsi, kapena amangoyesa waya ndi lilime? Timabawuti akamasula amatiika m'kachitini kapena timangomwazika pansi? Mmisiri weniweni amayamba ndi mafunso: idasiya liti, idagwapo, idanyowapo, wina adaitsegulapo kale? Amatsegula inu mukuona, n'kukuonetsani chimene chaonongeka. Satchula mtengo asanaone m'kati. Amakhala ndi kaseti yakeyake yoyesera. Ndipo chizindikiro chimene ndimachikhulupirira koposa ndi ichi: amatha kunena kuti ichi sindingathe, kapena kuti chipangizo chake ndilibe, pitani kwa uje. Amene amati chilichonse n'chaching'ono, bwerani madzulo, ameneyo ndimamuopa. Ngati mukukayikabe, yambani mwamupatsa kanthu kena kosadandaulitsa, tochi kapena kawailesi ka kukhitchini, muone m'mene achitire.

Mwagwirizana? Musachoke chimanjamanja. Foni muli nayo, jambulani wailesiyo kunja, kumbuyo pamene pali nambala zake, ndi m'kati iye atatsegula. Chitani zimenezi iye akuona, moseka, palibe chamwano. Munthu woona mtima sakwiya nazo, ndipo amene anali ndi maganizo obwereka mota amawasiya pomwepo. Alembe m'kope lake, nanunso akulembereni kapepala: dzina la wailesi, vuto lake, mtengo ndi tsiku lodzatenga. Ndalama musapereke yonse. Perekani ya chipangizo chokha ngati chikufunika kugula, ya ntchito idikire. Muuzeni kuti chilichonse chimene achotse adzakubwezereni, ngakhale lamba woduka. Tsiku likakwana pitani, musadikire kuti akuimbireni, ndipo likapitirira kawiri tengani katundu wanu.

Podzatenga musachite manyazi kukhala pansi. Ikani kaseti ya nyimbo imene mumaidziwa bwino, kuti khutu lanu likuuzeni ngati liwiro lili bwino. Imvereni kwa mphindi zingapo, itembenuzeni, yesani kubweza m'mbuyo ndi kuthamangitsa kutsogolo, chifukwa mawailesi ena amaimba bwino koyambirira kwa kaseti n'kumalephera kukoka chakumapeto. Yesani ndi mabatire, yesaninso ndi magetsi ngati alipo. Tulutsani kasetiyo muone ngati tepi yakwinyika m'mphepete. Zonse zikakhala bwino mulipireni mokwanira ndi mtima woyera, musamunyengerere mpaka kumudyera thukuta. Amisiri amenewa atsala ochepa, ndipo ena adasiya chifukwa cha ife makasitomala amene timasiya katundu chaka chathunthu osalipira.

Pali kenanso koti muchenjere nako. Wina akhoza kukuuzani kuti imeneyi yatha, ingondisiyirani ndikupatseni ya sopo. Ku Ulaya ndi ku America makaseti adayambanso kukondedwa, ndipo Walkman zina zakale anthu amazigula pamtengo wabwino. Sindikuti wailesi iliyonse ya kunsi kwa bedi ndi chuma, zambiri ndi wamba. Koma musagulitse tsiku lomwelo, kamveni kaye kwa mmisiri wachiwiri.

Inu apabanja, katundu wa malemu si wa munthu mmodzi ngakhale akusungidwa m'nyumba mwanu. Musanamutulutse pakhomo kambiranani awirinu, kenako muuze amene adakusungitsani. Mawu awiri okha, akuti amama, wailesi ija tikufuna tikakonzetse kwa uje, akadateteza mayi wa ku Bolero uja ku manong'onong'o onsewa. Kumene mkazi amakakhala kwawo kwa mwamuna, chinthu chikasowa m'nyumba chala chimathamangira kuloza wobwera. Abambo, zimenezi mumazidziwa, ndiye musamaike akazi anu pamoto chifukwa chochita zinthu mwakachetechete.

Wailesi ikabwera yokonzeka, musathamangire kuikamo kaseti ya malemu. Iyambe yaimba makaseti ena masiku awiri atatu, muone ngati sikutafuna. Pakadali pano konzani kasetiyo. Pamwamba pake, m'makona awiri, pali timapulasitiki ting'onoting'ono totseka timabowo. Tithyoleni. Mukatero batani lojambulira silidinika, ndipo mwana sangafufute mawu a agogo ake n'kujambulapo zake. Mabanja ambiri adataya mawu a makolo mwa njira imeneyi, osati kwa mmisiri. Yang'anani pa kawindo ka pakati. Mukaona nkhungu yoyera pa tepi musaiimbe, ifunika munthu wodziwa aipukute kaye. Vutoli limakonda malo achinyontho, monga kumapiri a Phoka ndi kunyanja ku Mlowe ndi ku Chitimba. Lowetsani bolopeni pabowo muzungulitse pang'onopang'ono kuti muone ngati tepi sidamatirire. Onaninso ngati kathonje kaja kokhala kunsi kwa tepi, pakati penipeni, kakadalipo, chifukwa kakagwa mawu samveka bwino. Chikombole cha kaseti chikakhala chosweka, tepi ikhoza kusamutsidwira m'chikombole china chomanga ndi timabawuti, ndipo ikaduka imalumikizika. Ntchito imeneyi ngati simungaithe, mmisiri aichite inu muli pompo, aimalize, mubwerere nayo.

Tsiku loyamba kuimvera likhalenso tsiku loijambula, chifukwa tepi ya zaka 30 kapena 40 simungadziwe kuti iimba kangati. Njira yabwino ndi kulumikiza waya kuchokera pobaya mahedifoni kupita ku kompyuta. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity imene imagwira ntchitoyi, ndipo anyamata obena nyimbo pa boma kapena aphunzitsi a kusekondale akhoza kukuthandizani. Pitani ndi wailesi yanu ndi kaseti yanu, mukhale pomwepo. Palibe chidule, kaseti yolembedwa C90 ndi mphindi 45 mbali iliyonse, ya C60 ndi mphindi 30, ndiye tengani tsiku loti mulibe changu. Ngati kompyuta palibe, tsekani zitseko ndi mawindo usiku ana atagona, ikani foni pafupi ndi sipika n'kujambula. Sizimveka bwino ngati za pawaya, koma mawu amagwirika.

Mukajambula musasunge pamalo amodzi. Foni imabedwa, memore khadi imafa osatsanzika. Ikani pa fulashi, tumizani pa WhatsApp kwa alamu, kwa achemwali a ku Lilongwe ndi achimwene a ku Joni, aliyense akhale ndi yake. Pankhani ya malire a minda, musaganize kuti kaseti payokha ithetsa mlandu. Ikhoza kukumbutsa akuluakulu zimene malemu adanena, koma oweruza ndi mafumu ndi mboni zamoyo, choncho ndi bwino abale onse aimvere limodzi kusanabuke mkangano.

Kaseti yeniyeniyo musaitaye poti mwajambula. Ibwezereni m'kabokosi kake, lembani dzina la woyankhulayo ndi chaka ngati mukuchikumbukira, muiimike chilili m'kabati. Isakhale pafupi ndi malata kumene kumatentha, isakhale pawindo, ndipo isagone pamwamba pa sipika, chifukwa maginito a m'sipika amafufuta mawu. Wailesi nayo poisunga chotsanimo mabatire.